Masekondi makumi anayi amene ndinafuna kudula

Lolemba, 9 Juni

…ndiye ine ndinati, "Alamu, musandiyang'ane choncho. Kadisiki aka n'kachiyani kwa munthu amene anameta mwana wa zaka ziwiri akuthamanga, mzere n'kutuluka wowongoka?" Onse a pa benchi anaseka. Alamu sanaseke. Aphunzitsi saseka nthawi ya ntchito, ngakhale ntchitoyo ikhale ya munthu wina.

Ndiyambe poyambira, poti kope ili ndi langa ndipo palibe kasitomala akundidikira.

Cha m'ma 11 koloko kunabwera alamu anga ku babashopu, mng'ono wawo wa malemu mayi a kunyumba. Anatulutsa envelopu m'chikwama, m'katimo muli disiki ya ukwati wawo. Zaka 11 zapitazo. Wojambula wake anali wamatama, kamera yake ngati mwana wa ng'ombe, ndipo anati DVD ndi ya anthu akale, iye atipatsa ya bulurei, yoti ukamaonera umawerenga ndi tsitsi la m'mphuno lomwe. Itabwera tinadzazana pa balaza pa alamu. Makina a DVD anaimeza, anaitafuna pang'ono, n'kuilavula. Tinayesa nyumba zitatu, chimodzimodzi. Tonse tinagwirizana kuti disikiyo inabadwa yakufa ndipo wojambula ndi tambwali. Titakamufuna tinapeza atasamuka. Alamu anaiponya m'sutikesi pamodzi ndi velo. Patangotha chaka mayi a kunyumba anatisiya, za disiki palibe anazikumbukanso.

Pano akuti mphunzitsi mnzawo wawauza kuti sinafe ayi, imangofuna makina akeake. Zaka 11 tikutukwana munthu wosalakwa.

Chimene aitulutsira lero ndi Nesi, mwana wanga mmodzi yekhayo. Dzina limeneli ndinamupatsa ali ndi zaka zinayi, akumanga mabandeji miyendo ya mipando, ndipo lero ndi nesi weniweni, ndiye wina anene kuti sindine mlosi. Lamlungu likubwerali akukwera basi kukayamba ntchito ku chipatala chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Akuti mwezi watha anauza mayi ake aang'onowa kuti, "Nkhope ya amayi ndili nayo pa zithunzi, koma mawu awo ndawaiwala." Anauza iwowo. Ine ayi. Anali ndi zaka 12 pamene tinaika maliro.

"Ndikufuna apite ndi kachidutswa pa foni, pamene achemwali akulankhula," anatero alamu. "Koma musamuuze mpaka zitatheka. Mutha, kapena ndipite kwa odziwa?"

Kwa odziwa. M'shopu yanga, pamaso pa makasitomala anga, wina mutu uli theka.

Ndinawauza kuti pofika Loweruka zikhala zili pa foni. Ndinawakumbutsanso kuti m'disikimo ndilimo inenso, paja ndinalankhula m'malo mwa akuchikazi mphindi 20 osayang'ana pepala, holo yonse ikulira, mpaka wodula keke kupempha mpango. Nkhani imeneyi Nesi wakula nayo. Alamu anatseka chikwama pang'onopang'ono n'kuti, "Eya, pamenepo mukaonerepo bwino."

Mwanayu kuiwala mawu a mayi ake. Ine ndiye ndimawamva tsiku lililonse ngati wailesi.

Lachiwiri, 10 Juni

Kompyuta yanga nayonso yailavula. Sindinauze munthu.

Kompyuta imeneyi ndinaigula ku ofesi ina imene imatseka. Ntchito yake ndi kuika nyimbo pa fulashi ya m'shopu ndi kusewera makhadi, ndipo ikayaka imabuula ngati makina ometera opanda mafuta. Koma ndi yanga, ndipo imakhala kuchipinda kwanga pa tebulo limene mayi a kunyumba ankasokerapo.

Ndinapita kwa Magalasi, wokonza mafoni ndi makompyuta, khomo lachitatu kuchoka pa langa. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri ndipo saiwala kundikumbutsa. Ndinalowa ngati wongodutsa. Ndinati pali kasitomala wina, munthu wosadziwa zinthu, akufunsa za bulurei. Anatsitsa magalasi mpaka pa nsonga ya mphuno n'kuti, "Kasitomalayo umuuze kuti envelopu ikuonekera m'thumba la malaya."

Wandibwereka kabokosi kakuda, kapyapyala ngati kabuku ka nyimbo, chingwe chake chimalowa pamene timalowetsa fulashi. Akuti diso lake ndi lakuthwa kuposa la DVD. Kenako phunziro, ine chiimire ngati mwana wobwera mochedwa ku kalasi. Choyamba ndikopere disiki yonse mu kompyuta, osatsegula kanthu, ndikatha disikiyo ibwerere mu envelopu. Chachiwiri, fayilo ya m'menemo ndi yolemera ndipo pulogalamu yodulira mavidiyo siikudziwa, ndiye ndiisinthe kaye ndi pulogalamu ina ikhale MP4. Kudula kumabwera kumapeto, ndipo umadula chokopera, osati choyambacho. Mapulogalamu onse awiri wandiikira pa fulashi.

Ndinamuuza kuti zimenezo ife ometa tinazidziwa kalekale. Umayamba ndi namba yaikulu, n'kumatsika pang'onopang'ono. Tsitsi ukalichotsa silibwerera chifukwa choti wapepesa. Iye akuti, "Ndiye mutu wanga uja mwezi watha unayamba ndi namba yanji?" Nkhalamba yachipongwe. Mutu wake palibenso choyambira.

Disikiyi ndaipatsa dzina loti Bulu, poti ndi yamakani.

Nesi wayamba kulongedza. Masutikesi awiri ali pa balaza, pakamwa yasa. Ndimawalambalala ngati sindikuwaona.

Lachitatu, 11 Juni, m'mawa

61%. Bulu waima pamenepo. Ndayambiranso katatu, katatu konse 61.

Lachitatu lomwelo, madzulo

Ndachita chinthu lero.

Ndinatembenuza disikiyo pa kuwala kwa pa windo, ndinaona zidindo za zala za anthu onse a m'nyumba zitatu zija, komanso kamzere kokandika. Ndinati apa mpofunika wometa. Ndinapita nayo ku shopu, ndinathira sipiriti, ndinatenga thaulo, n'kuipukuta mozungulira mmene ndimapukutira dazi la munthu wopita ku msonkhano. Inawala mpaka ndinadziona mano. Ndinapita nayo kwa Magalasi kuti akandiyamikire.

"Wapukuta ndi chiyani?"

"Thaulo."

"La m'shopu? La titsitsi tija?"

"Lochapa."

"Mozungulira?"

Ndinati nanga chinthu chozungulira tingachipukute bwanji. Anandilanda m'manja. Akuti zolembedwa pa disiki zimayenda mozungulira ngati njira imodzi yaitali. Ukakanda mopingasa wangodula kachilembo kamodzi pa mzere uliwonse, makina amatha kulosera okha. Koma ukakanda motsata njirayo wafufuta chiganizo chonse, palibe cholosera. Anaiyang'ana pansi pa nyale yake nthawi yaitali.

"Ina ilipo?"

"Palibe."

"Ndiye wapukuta mkazi wako ndi thaulo la makasitomala."

Sindinayankhe. Anthu a mu mzere wathu akanadziwa akanaika tsikuli pa kalendala.

Anatenga kansalu ka magalasi ake, anauzira mpweya pa disikiyo, n'kumapukuta kuchoka pa bowo lapakati kupita m'mphepete, mzere umodzi umodzi, ngati akupesa khanda. Akuti mwayi wanga ndi woti mtundu umenewu uli ndi khungu lolimba. Akuti ndikayese, ikakana ndisaigwirenso.

Ndinatseka shopu 2 koloko, anthu atatu ali pa benchi. Kunyumba ndinakhala kutsogolo kwa sikirini manja ali pakati pa maondo. 58, 59, 60. 61. Kabokosi kanayamba kulira, kusiya, kuliranso. Ndinayang'ana wotchi, mphindi zisanu ndi imodzi pa 61 pomwepo. Ndinalonjeza zinthu zambiri m'mphindi zimenezo, zina zosatheka, monga kusiya kulankhula pometa. Kenako 62.

Inafika 100 isanakwane 5 koloko. Disiki ndaibwezera mu envelopu, envelopu mu dirowa, dirowa ndakiya.

Zaka 11 mayi uja ali chete m'sutikesi osawonongeka, ine ndatsala pang'ono kumumaliza m'mphindi ziwiri. Ndipo ndimaimba mluzu popukuta.

M'kati mwa zokoperazo muli foda, m'kati mwake foda ina, kenako mafayilo opanda maina, manambala okhaokha: 00000, 00001, 00002. Magalasi anati ndisankhe yonenepa kuposa zonse, zinazo ndi zikwangwani chabe. Ndi ya 21 GB. Kuti MP4 ipeze pogona ndafufuta nyimbo za m'shopu, zoposa miliyoni. Chabwino, 800.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinayambitsa kusintha 6 koloko m'mawa. Pulogalamu inati itenga maola 7. Ndinaphimba sikirini ndi nsalu n'kumuuza Nesi kuti asakhudze, kompyuta ikumwa mankhwala a mavairasi. Akuti, "Kangati pa tsiku, ababa? Isanadye kapena itadya?" Lilime limeneli sanalitenge kwa ine ndekha.

Ku shopu mutu uliwonse ndimauona ngati kamzere kodzaza pang'onopang'ono. Wa taxi wina anafunsa chifukwa chake ndili chete, ndinati ndikusunga mawu, mitengo yakwera.

3 koloko ndinali kunyumba. Nesi kulibe. Ndinakokera MP4 mu pulogalamu yodulira, ndipo inatsegula. Wojambula uja, kulikonse kumene ali, andikhululukire. Chithunzi chake chili mbee, ungathe kuwerenga mabatani a malaya a munthu wa kumbuyo kwenikweni. Ndinawerenga anthu asanu ndi awiri amene pano kulibenso, onse akudya, akuseka, osadziwa kanthu.

Koma vuto lake, anathira nyimbo pamwamba pa zonse. Milomo ikuyenda, mawu palibe, zitoliro zokhazokha. Mayi a kunyumba ndinawaona pa mphindi ya 9. Diresi yobiriwira ija, ndinali nditaiiwala. Akuloza, akukonza velo ya mng'ono wawo, akukalipira wina wa mbale, akuseka. Pakamwa pakutseguka, pakutuluka zitoliro. Komanso akatembenuka msanga, m'mphepete mwa nkhope mukumang'ambika timizere ngati mano a chipeso.

Ndinakokera kutsogolo kufuna pamene pali mawu enieni. Pa ola limodzi ndi mphindi 47 nyimbo inaleka, kunamveka phokoso la holo, mipando, mafoloko. Woyendetsa mwambo akuitana mlamu wa mkwatibwi. Ndinadziona ndikuimirira, mayi a kunyumba ali pambali panga, akutembenukira kwa ine.

Magetsi anazima.

Basi. Pamene amabwera n'kuti Nesi atafika.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinafunsa Magalasi za chipeso chija. Akuti kamera ya wojambulayo imajambula chithunzi chilichonse kawiri, koyamba kudumpha mzere umodzi umodzi, kachiwiri kudzaza yotsalayo. TV imadziwa kuzilumikiza, koma kompyuta imangoonetsa zonse pamodzi, ndiye chinthu chikasuntha mizere siikumana. Akuti mu pulogalamu yosinthira muli kabokosi kamodzi kochonga, ndinakadumpha. Ndiyambirenso. Maola ena 7 chifukwa cha kabokosi kochepa ngati nsabwe.

"Mawu wawamva?"

"Magetsi anazima."

"Dzulo? Kuno sanazime."

"Kwathu ndi mzere wina."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera ku foni imene amatsegula.

Ndinathamangira kunyumba kukachonga, n'kubwerera ku shopu.

4 koloko. Nesi anapita kukatsanzikana ndi anzake a ku kiliniki. Ndinatseka chitseko, ndinavala mahedifoni, ndinaika pa 1:47. Chipeso chachoka, nkhope zili bwinobwino. Ndilemba mmene zilili, chifukwa kamera ilibe m'bale.

Ndikuimirira. Suti yaikulu, ngati ndalowamo ndi mnzanga ndiye iye watuluka. M'dzanja muli pepala. Inde, pepala. Ndikugogoda maikolofoni. Ndikuti, "Zikomo kwambiri, a mwambo, ndi onse." Kenako zii.

Zii weniweni. Pepala likunjenjemera mpaka likumveka m'maikolofoni, phwa phwa phwa. Pakamwa pakutseguka, pakutsekeka, ngati nsomba. Wina akutsokomola. Kamwana kena kakufunsa mokweza, "Atha?" Ndayang'ana pa wotchi ya pulogalamu, ndi masekondi 40. Ku shopu masekondi 40 ndimakhala nditafotokoza mpira wonse ndi zigoli zomwe.

Pakati pa zii ameneyo, kumbali, mawu osakweza:

"Iwe, Nesi, siya keke apo. Bwera udzawagwire dzanja abambo ako."

Kamtsikana ka masokosi oyera kakuthamanga, kakundigwira dzanja, kakuyang'ana m'mwamba. Ine ndikadali zii. Kenako mayi a kunyumba akuimirira, akundilanda maikolofoni mofatsa ngati akulanda mpeni kwa mwana, akuseka.

"Pepani anthuni. Awa kunyumba timachita kuwapempha kuti apumeko. Lero mawu awathawa, ndiye ndiwabwereka anga, adzabweza."

Holo yonse phwete. Akulankhula mphindi zinayi, kwa mng'ono wawo. Akuti, "Mng'ono wanga, mwamuna wolongolola usamuope. Uziopa wachete, sudziwa wasunga chiyani. Awa zawo zonse zili panja ngati katundu wa pa msika, zabwino ndi zowola zomwe, umangosankha." Anthu akusekanso. Ine pa chithunzipo ndikusekanso, thukuta lili kamukamu, dzanja lili mwa mwana.

Wodula keke akuoneka kumbuyo. Sakulira. Akunyambita chala.

Mawu awo. Okhuthala, osasa pang'ono kumapeto, akamati "anthuni" amakoka. Zina sindilemba lero.

Ndabwereza disiki yonse kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Palibenso pena pamene akumveka. Kwina konse zitoliro. Mphindi zanga 20 zija ndi mawu asanu ndi limodzi, ndawawerenga.

Ndakhala ndikuganiza kumene zinachokera. Zimene ndinalemba pa pepala lija zinali zabwino ndithu, ndinazikonza sabata yonse. Lolemba lake ku shopu wina anafunsa mmene zinayendera, ndinangonena za pa pepalazo ngati ndinazinenadi. Nthawi imeneyo zinali mphindi zisanu. Zinakula pambuyo pa maliro. Mwanayu anakhala miyezi osaseka, amangokhala pa khonde atagwira maondo. Tsiku lina ndinamufotokozera za ukwatiwu, nditafika pa wodula keke anatulutsa kaphokoso m'mphuno. Mawa lake ndinawonjezera mpango. Kenako ndinaiwala pamene ndinasokerera.

Loweruka, 14 Juni

Ndinadzuka kusanatenthe n'kuyamba kudula. Chida chodulira mu pulogalamu imeneyi ndi kachithunzi ka lezala, ndiye munthu asandiuze kuti sanaipangire ine. Kudina koyamba pamene ndamaliza kuti "ndi onse," kudina kachiwiri pamene mayi a kunyumba agwira maikolofoni, kuchotsa chapakati, kukankha mbali ziwirizo zikumane. Masekondi 40 anapita ngati ndevu. Ndinasunga dzina loti YABWINO. Ina ija, kachidutswa komweko koyambira pa 1:47 koma kosadula, ndinaitcha YONSE.

Ndinaonera YABWINO. Ndikuthokoza a mwambo, kuphethira kamodzi, mkazi wanga ali chiimire akuseka. Akuseka chiyani? Akupepesa chiyani? Kamtsikana katulukira kuti, ndipo kandigwiriranji dzanja? Zikuoneka ngati mutu wometedwa ndi munthu wothawa ngongole ya lendi, apa pali tsitsi, apa palibe, pakati palibe chifukwa.

Ndipo "Iwe, Nesi" palibe. Ali pakatikati pa zii wanga. M'maola awiri onse a disikiyi ndi pokhapo pamene mayi akutchula mwana wawo.

Ndinayesa nzeru ina. Kutenga mawu okhawo n'kuwaika pansi pa chithunzi cha keke. Zinatheka, ndine katswiri, koma pansi pa mawu awo pakumveka phwa phwa phwa wa pepala ndi munthu akupuma ngati wakwera phiri. Ndinafunsa Magalasi ngati pali kabokosi kochonga kochotsa zimenezo. Akuti, "Maikolofoni inali imodzi. Zinalowera khomo limodzi, zitulukira limodzi." Sanafunse kuti wopumayo ndani.

Ndinaika zonse ziwiri pa foni yanga n'kupita ku shopu. Loweruka ndi tsiku la mitu, benchi yodzaza mpaka panja.

Masana kunatulukira alamu. "Lero ndi Loweruka," basi moni wake ndi ameneyo. Ndinasiya munthu ali ndi thovu kumaso, ndinawalowetsa kuseri kwa katani kumene ndimasunga mathaulo, ndinawapatsa foni ndi mahedifoni. Ndinayamba ndi YONSE, chala chinangodina chokha. Anaimirira atandifulatira. Ndinangoona mapewa. Aphunzitsi salira nthawi ya ntchito, koma lero ndi Loweruka.

Atatha anapukuta m'maso ndi limodzi la mathaulo anga, sindinawauze mbiri yake. Ndinawaonetsa YABWINO. Anaonera mpaka kumapeto n'kundibwezera foni.

"Mwameta bwino."

"Alamu, inu mumadziwa?"

"Holo yonse imadziwa, alamu. Anthu 200."

"Ndiye zaka zonsezi ndikufotokoza pamaso panu, osandiletsa?"

"Achemwali anatiletsa ifeyo. Sabata yomwe ija atamva kuti mwayamba ku shopu. Anati muwasiye, nkhani zawo siziluma."

Ndinafunsa kuti ndimupatse iti mwanayu. Akuti, "Ine ndinabweretsa disiki. Mwana ndi wanu, mkazi anali wanu, manyazi ndi anu." Anatuluka, n'kumuuza wa thovu uja kuti apirire, wometa wake akuphunzira kuwerenga mpaka 40.

Madzulo ano ndakhala pa khonde ndikuganiza. Manyazi si nkhani kwenikweni, munthu amene anavala suti ija manyazi anamuthera pomwepo. Chimene chikundivuta ndi china. Zambiri zimene Nesi amadziwa za mayi ake zinatuluka pakamwa panga. Mmene tinakumanirana mvula ikugwa, iwo n'kundibwereka ambulera yothyoka. Mmene anathamangitsira akuba anayi ndi sikelo ya telala, kathabwa koyezera nsalu. Zimene ananena tsiku limene iye anabadwa. Zina n'zoona ndithu, zina ndinathirako mchere, ndipo ine mwini sindingathenso kuzilekanitsa bwino. Akaona kuti ya ukwati ndi bodza, adzayamba kutsegula zinazo imodzi imodzi ali yekha kutali uko, wopanda womufunsa. Ndikamupatsa YABWINO apita ndi bambo wake wathunthu, koma mayi ake sadzamuitana.

Nesi wandipeza pa khondepo, akuti, "Ababa, kompyuta yachira?" Ndati mawa ituluka m'chipatala.

Lamlungu, 15 Juni

Basi inali ya 1 koloko. Pofika 10 masutikesi anali atatsekedwa, imodzi ndinachita kuikhalira. Ndinamuitana Nesi kuchipinda, ndinamukhazika pa mpando, ndinachotsa nsalu pa sikirini. Mafayilo awiri ali pamenepo moyandikana. Ndinali nditakonza mawu oyamba, abwino kwambiri, koma anapita kumene anapita anzawo aja. Ndinangoti mayi ako aang'ono anapeza chinthu. Ndinazula mahedifoni kuti zimveke pa sipika, ndinadina YONSE.

Ataona suti anaseka. Zii atayamba anasiya. Ine ndimayang'ana khoma, pali mng'alu umene ndakhala ndikunena kuti ndimata.

"Iwe, Nesi, siya keke apo."

Nesi anatembenuka. Osati ku sikirini, koma ku chitseko, ngati waitanidwa kuchokera ku khitchini. Kenako anagwira pakamwa.

Tinaonera mpaka kumapeto. Anandilanda mausi, anabwezera pamenepo, anamvanso. Kachitatu. Kachinayi. Ulendo uliwonse amayenera kudutsa mu phwa phwa phwa wanga kuti akafike kwa mayi ake, ndipo sanadumphe ngakhale kamodzi.

Ndinati, mwanawe, za mphindi 20 zija.

"Dzanja lanu linali lonyowa ngati mumatsuka mbale," akutero osandiyang'ana. "Munandifinya mpaka chala ichi chinachita dzanzi."

"Umakumbukira?"

"Ndinali ndi zaka 11, ababa, sindinali khanda."

"Ndiye umangondimvetsera?"

"Mumaifotokoza bwino. Wodula keke uja ndimamukonda." Anapukuta mphuno. "Chimene ndinaiwala ndi choti anandituma ndi amayi. Ndimayesa ndinabwera ndekha."

Ndinafuna kufunsa za ambulera ndi akuba aja, ngati nazonso amangondisiya. Ananditsogolera. Akuti, "Sikelo ya telala ndinaiona ndi maso anga, inathyoka pakati. Koma wakubayo anali mmodzi, osati anayi."

Analoza fayilo inayo. "Nanga YABWINO n'chiyani?"

Ndinati ndi tsitsi la pansi, losesa. Ndinaifufuta iye akuona. Akuti ndimuikire yonse pa foni, ndisachotse ngakhale chifuwa cha munthu wotsokomola uja. Ndinamuikira pa foni, pa fulashi, ndi pa fulashi ina, monga anandiuza Magalasi.

Ku depoti kunabwera alamu. Awiriwo anakumbatirana nthawi yaitali, ine ndimakangana ndi kondakitala za malo a masutikesi, nkhani yoti inali itatha kale. Atakhala pa windo anaika chala pa galasi, chala cha dzanzi chija. M'khutu limodzi muli kale kahedifoni. Ndinafuna kunena kanthu, basi inanyamuka. Alamu akuti, "Masekondi 12. Mukuchepetsako."

Ndafika kunyumba dzuwa likadalipo. Pa balaza pamene panali masutikesi paoneka pakulu. Kabokosi ka Magalasi ndakakulunga, ndikabweza mawa. Bulu abwerera kwa mwini wake, mu envelopu yatsopano.

Ndayatsa kompyuta. Ndaika pa 1:47, sipika ndakweza, chitseko cha chipinda ndasiya chotsegula kuti zizimveka mpaka ku khitchini.

Ndisanadine ndikonze chinthu chimodzi m'kope lino. Lachinayi magetsi sanazime. Ndinazula pulagi ndekha, nditaona akutembenukira kwa ine ndipo pakamwa pawo payamba kutseguka. Za pepala sindinaziope. Ndinaopa kuti alankhula, ine osawazindikira.